Buku la Njoka pa Main Mall: Kuunikanso Mlandu Wakuti Anthu Sawerenga

Pakati pa mzinda wa Gaborone pali msewu wa anthu oyenda pansi wotchedwa Main Mall, umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1960 pamene likulu la Bechuanaland linkasamuka kuchoka ku Mafeking. Kumadzulo kwake kuli Nyumba ya Malamulo ndi maofesi a boma. Kum'mawa kuli holo ya khonsolo ya mzinda, ndipo chapafupi pomwepo pali laibulale ya boma ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. M'mbali mwake mwandanda mabanki, positi ofesi ndi President Hotel, pamene pakati amalonda amayala zosemasema, zovala ndi chakudya cha masana. Mumsewu womwewu ndimo Botswana Book Centre inakhala kwa zaka zambiri ili sitolo yaikulu ya mabuku m'dziko lonselo. Anthu ochuluka amene sanapondepo ku Botswana amaidziwa sitoloyi, ndipo anaidziwira m'buku.

Bukulo ndi The No. 1 Ladies' Detective Agency la Alexander McCall Smith, limene linasindikizidwa koyamba ku Edinburgh mu 1998. M'chigawo china cha nkhaniyo mpangankhani wamkulu, Mma Precious Ramotswe, wapatsidwa ntchito yozonda mtsikana wa sukulu amene bambo ake akumuganizira kuti ali ndi chibwenzi. Amulondola mpaka pa Main Mall, ndipo mtsikanayo ndi mnzake atalowa m'sitolo ya mabuku, nayenso alowa. Ali m'katimo atola buku lofotokoza za njoka za kummwera kwa Africa nayamba kuvundukula masamba. Bukulo limudya moyo. Podzadzutsa mutu, atsikana aja anapita kalekale.

Mlembi anaika kachigawoka kuti owerenga aseke wofufuza milandu amene wataya nyama yake chifukwa cha zithunzi za njoka. Komabe m'nthabwalamo muli choonadi chokhudza kuwerenga choposa chimene chimamveka m'misonkhano yambiri ya akatswiri. Mayi uyu si mwana wa sukulu, ndipo palibe mayeso amene akumudikira. Sanalowe m'sitolomo kuti agule kanthu. Buku lamugwira chifukwa likunena za chinthu chimene amachidziwa ndi kuchiopa kuyambira ali mwana kumudzi kwawo ku Mochudi. Umu ndi mmene munthu wamkulu amasandukira wowerenga: amakumana mwangozi ndi buku limene likuyankha chidwi chimene anali nacho kale. Chimene mlembiyo sanaimepo, chifukwa kwa owerenga ake a ku Ulaya ndi ku America sichinali nkhani, n'chakuti buku lotere pa Main Mall limayenera kukhala la m'Chingerezi. Mabuku a m'Chitswana, monganso a m'Chichewa ku Blantyre kapena ku Chipata, ambiri mwa iwo ndi a kutchalitchi ndi a kusukulu.

Apa m'pamene mlandu wotchuka uja uyenera kuzengedwanso. Chaka ndi chaka, pa tsiku lokumbukira mabuku kapena pa mwambo wokhazikitsa buku latsopano, mlendo wolemekezeka amaimirira n'kudandaula kuti chikhalidwe chowerenga chinafa, achinyamata angotanganidwa ndi mafoni. Ena amafika pobwereza mwano wakale uja wakuti chinthu ukafuna kumubisira Mwafirika uchiike m'buku, ndipo omvera, amene ndi Aafirika okhaokha, amaseka. Mlanduwu umagwetsera cholakwa chonse pa wowerenga. Sufunsa kuti munthuyo anapatsidwa chiyani choti awerenge, m'chiyankhulo chiti, pa mtengo wanji, ndiponso kuti amene ankagula mabuku m'maiko ano kuyambira pachiyambi anali yani.

Mbiri ya Botswana Book Centre yomweyo ikuthandiza kuyankha. Mizu yake ili ku Kuruman, pa mishoni ya London Missionary Society, kumene Robert Moffat anafikitsa makina osindikizira mu 1831 ndi kutsiriza kusindikiza Baibulo lonse la Chitswana mu 1857. Mkamwini wa Moffat, David Livingstone, asanaone n'komwe nyanja ya Malawi anakhala ku Kolobeng, kufupi ndi pamene pali Gaborone lero, ndipo kumeneko anabatiza mfumu Sechele ya Akwena mu 1848. Livingstone analemba kuti mfumuyi inagwira malembo mwachangu chodabwitsa, kuti inkakonda buku la Yesaya, ndiponso kuti inakhazikika pa kuwerenga mpaka inanenepa chifukwa chosiya kusaka. Chotero wowerenga woyamba wotchuka wa dera la Gaborone anali munthu amene anamwerekera ndi kuwerenga. Choti n'kuwerenga m'chiyankhulo chake ndicho chinali chochepa: malemba a mpingo ndi timabuku tophunzirira.

Ku Malawi njira inali yomweyo. Makina osindikizira anali a mishoni, ku Livingstonia, ku Blantyre, ku Nkhoma, ku Likuni, ndipo buku lalikulu la Chinyanja linali Buku Lopatulika la 1922. Nthondo, nkhani ya Samuel Josia Nthara ya 1933 imene imawerengedwa ngati chiyambi cha nthano zazitali za m'Chichewa, inalembedwa ndi mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, inapambana mpikisano wa bungwe la ku London loona za ziyankhulo ndi zikhalidwe za mu Africa, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa. Ndi buku lamoyo, makamaka pamene Nthondo ali mnyamata wosamva, wakuba, woyendayenda kofuna ntchito. M'zigawo zimenezo Nthara amalemba ndi khutu la munthu amene anakulira pabwalo. Koma wowerenga amadziwa kuchokera kutali kumene ulendowo ukupita, chifukwa nkhani yosindikizidwa ndi mishoni imayenera kuthera pa kutembenuka mtima. Mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa bungwe losindikiza mabuku a m'ziyankhulo za kuno, likulu lake ku Lusaka, ndipo kuyambira pamenepo sukulu inayamba kulowa m'malo mwa tchalitchi monga mwini msika.

Mfundo yagona pamenepa. M'ziyankhulo ngati Chitswana ndi Chichewa, wogula buku ndi wowerenga buku akhala anthu awiri osiyana. Wogula anali mpingo, kenaka unduna wa zamaphunziro. Wowerenga anali mwana amene sanasankhe yekha bukulo. Wosindikiza aliyense wodziwa malonda anaphunzira kuti phindu lili pa kulowetsa buku pa mndandanda wa mabuku a mayeso, ndipo buku lolephera kulowapo limafera m'katoni. Mabuku a John Gwengwe, E. J. Chadza, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani amadziwika ndi mibadwo ya Amalawi makamaka chifukwa anadutsa m'kalasi, monga momwe sewero la Motswasele II la L. D. Raditladi limadziwikira kwa Atswana. Ubwino wa mabukuwa sukukayikitsa. Chodandaulitsa n'chimene msika woterewu unachita pa kalembedwe ka amene anabwera pambuyo.

Mlembi amene akudziwa kuti woyamba kuwerenga zolemba zake ndi komiti yosankha mabuku a sukulu amalemba akuyang'ana kumbuyo. Amapewa ndale za lero, amapewa za kuchipinda, amapewa nthabwala zimene anthu amasekadi pamaliro kapena pa bawo. Wochimwa m'nkhani yake ayenera kulangidwa poyera tsamba lomaliza lisanafike, mtsikana wothawira m'tauni ayenera kubwerako akudwala, ndipo phunziro liyenera kuonekera bwino lomwe kuti mwana wa Fomu 4 athe kulilemba m'mizere itatu. Miyambi imathiridwa ngati mchere wa mayi wophika ali pamkwiyo, chifukwa miyambi imafunsidwa pa mayeso. Munthu wa zaka makumi anayi, amene waikapo maliro a ana, amene anachotsedwapo ntchito, amene amadziwa kuti m'moyo ochimwa ambiri amafa ali onenepa, akatsegula buku lotere amamva kuti akuyankhulidwa ngati mwana. Amalitseka, ndipo otsogolera misonkhano amati sawerenga.

Pamene owerenga anapatsidwa zimene zinkawakoka, sanachite kukakamizidwa. Kuyambira mu 1977 kampani ya Macmillan inatulutsa timabuku ta Pacesetters, nkhani za chikondi, umbanda ndi katangale zolembedwa ndi Aafirika, ndipo limodzi mwa ito linali Love on the Rocks la Andrew Sesinyi wa ku Botswana, la 1981. M'sukulu zogonera konko za ku Malawi, Zambia ndi Botswana timabukuti tinkayenda dzanja ndi dzanja pamodzi ndi a James Hadley Chase mpaka chikuto kuthothoka, ndipo tinkawerengedwa pansi pa desiki, mobisira aphunzitsi omwewo amene ankadandaula kuti ana sawerenga. Magazini ya Moni, imene a Montfort anayambitsa mu 1964, inkalowa m'nyumba zimene munalibe shelefu ya mabuku. Ndipo chiwerengero cha makope ogulidwa sichinanenepo zoona za chiwerengero cha owerenga m'maiko amene kalata imodzi yochokera ku Joni inkawerengedwa mokweza pakhonde, mudzi wonse ukumvetsera. Bambo ake a Mma Ramotswe m'buku lija ndi munthu amene anathera mapapo ake m'migodi ya ku South Africa. Mmalawi aliyense amene agogo ake anapita pa Wenela adzachizindikira chigawo chimenecho, ndipo mwina ndicho cholembedwa bwino koposa m'buku lonselo.

Umboni wina, wowawa, ndi wa boma. Mu 1968, chaka chomwe Chichewa chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Malawi anakhazikitsa lamulo lopima ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi masewero, ndipo bungwe limene linapatsidwa ntchitoyo linaletsa mabuku mazanamazana. Sam Mpasu anatsekeredwa mu 1975 chifukwa cha kabuku kake ka Nobody's Friend. Ndakatulo za Jack Mapanje za mu Of Chameleons and Gods, zimene zinatuluka ku London mu 1981, zinachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu, ndipo mwini wake anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Boma sililemba anthu ntchito yolondera mabuku m'dziko limene anthu ake sawerenga. Galu wamkota sakandira pachabe. Koma zaka pafupifupi makumi atatu za mantha zinaphunzitsa makolo kuti buku losakhala la sukulu kapena la kutchalitchi ndi chinthu choitana mavuto m'nyumba, ndipo phunziro limenelo silinathe pa tsiku la riferendamu ya 1993.

Gaborone wa nthawi imeneyo anali pothawira pa anthu a mabuku. David Rubadiri, amene anatula pansi udindo wa ukazembe atasemphana ndi Dr Banda, anaphunzitsa kwa zaka zambiri pa University of Botswana. Felix Mnthali, amene anatsekeredwapo ku Malawi m'zaka za m'ma 1970, anakhalanso pulofesa pa yunivesite yomweyo. Othawa tsankho ku South Africa, pakati pawo mlakatuli Mongane Wally Serote ndi wojambula Thami Mnyele, anayendetsa mumzindamo gulu la Medu Art Ensemble, mpaka pamene asilikali a boma la tsankho analowa mu Gaborone usiku wa pa 14 Juni 1985 ndi kupha anthu khumi ndi awiri, Mnyele ali mmodzi wa iwo. Kwa anthu ngati amenewa sitolo ya mabuku yotsegula zitseko pa msewu wa onse sichinali chinthu wamba.

Komabe ngakhale m'dziko la ufulu wotero, mlembi wamkulu wa Botswana anapeza owerenga ake kunja. Bessie Head anafika ku Serowe mu 1964 kuchokera ku South Africa pa chiphaso chosamulola kubwerera, nakhala wopanda dziko kufikira 1979 pamene anapatsidwa unzika. Maru la 1971, A Question of Power la 1973 ndi The Collector of Treasures la 1977 anasindikizidwa ku London. Nkhani za mu The Collector of Treasures anazitola pakamwa pa amayi a ku Serowe, zokambidwa m'Chitswana, ndipo zinakawerengedwa m'Chingerezi ndi anthu a kutsidya kwa nyanja zisanabwerere kwawo kudzera m'kalasi. Iye anamwalira mu 1986 ali wosauka. Mabuku ake ndiwo amayankhula ndi munthu wamkulu mosamunyengerera: za tsankho limene Atswana amachitira Asarwa, za misala, za mkazi amene wapha mwamuna wake wankhanza. N'zovuta kukhulupirira kuti wosindikiza wodalira mndandanda wa mayeso akadalandira zolemba zotere kuchokera kwa mlembi wosadziwika wolemba m'Chitswana, kapena m'Chichewa. Zinayenera kuyamba zatchuka kunja kuti pakhomo zilandiridwe.

Poyerekeza ndi Head, Botswana wa McCall Smith ndi wofewa. Mlembiyu anabadwira ku Bulawayo mu 1948 ndipo anathandiza kukhazikitsa maphunziro a zamalamulo pa University of Botswana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kotero dzikolo amalidziwa ndi kulikonda. Koma apangankhani ake, amene m'moyo weniweni akadayankhula Chitswana chothamanga, chodzaza ndi zining'a, amawayankhulitsa Chingerezi chodekha, chosavuta, chimene chimawaonetsa ngati anthu osalira zambiri m'maganizo. Mliri wa Edzi, umene unkapulula dzikolo m'zaka zomwe mabuku oyambirira ankatuluka, umangodutsa m'mphepete. Owerenga a kunja anagula mabukuwo mamiliyoni, filimu inatuluka mu 2008, ndipo alendo anayamba kufika pa Main Mall kudzafuna khonde la President Hotel pamene Mma Ramotswe amamwera tiyi. Ndi chinthu chodabwitsa kuti msewu wotchuka chotero chifukwa cha buku ukhale m'dziko limene alembi ake a Chitswana sangadye ndi zolemba zawo pokhapokha unduna utazisankha.

Pali kanthu kena m'nkhanizi kamene mlembi anakaona bwino. Buku limene Mma Ramotswe amalidalira pa ntchito yake ndi kabuku kopeka ka malangizo a ofufuza milandu, kolembedwa ndi Mmereka wopekanso, Clovis Andersen. Amakatchula ngati mmene mlaliki amatchulira vesi. M'buku la 2012, The Limpopo Academy of Private Detection, Andersen afika ku Gaborone, ndipo zidziwika kuti kwawo kabukuko sikanapite patali. Ku Botswana kanalemekezedwa chifukwa kanali kokhako. Kumene mabuku ali ochepa, buku lililonse lofika limasanduka lamulo, ndipo wowerenga sakhala ndi lina loti alitsutse nalo. Amene anaonapo mmene timabuku ta ku America tolonjeza chuma ndi chipambano timagulidwira pa mayala a ogulitsa mabuku m'mbali mwa misewu ya Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka adzamvetsa. Kuwerenga kofuna phindu sikolakwika. William Kamkwamba anakuonetsa mphamvu yake. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, anapeza m'kalaibulale ka ku Wimbe ku Kasungu buku la ana a sukulu a ku America lotchedwa Using Energy, namanga makina amphepo opangira magetsi mu 2002. Nkhaniyi imakambidwa ngati umboni wa ubwino wa laibulale, ndipo ndi umboni ndithu. Chimene chimaiwalika n'chakuti mnyamatayo Chingerezi chinkamuvuta, kotero ankadalira kwambiri zithunzi. Anachita kulowera pawindo m'nyumba imene khomo lake likadakhala buku la m'Chichewa lofotokoza za magetsi.

Botswana, pokhala ndi ndalama za diamondi, anayesa zimene Malawi sanathe. Maiko onse awiri anakhazikitsa malamulo a malaibulale a boma mu 1967, koma Botswana anafika potsegula zipinda zowerengeramo m'midzi kuyambira 1986, ndipo kuyambira 2009 ntchito ya Sesigo, ndi thandizo la Bill & Melinda Gates Foundation, inaika makompyuta ndi intaneti yaulere m'malaibulale. Nyumba zinamangidwa, mashelefu anakhomedwa. Koma ndondomeko ya maphunziro ya 1994 inachepetsa zaka zophunzitsira m'Chitswana, ndipo Chingerezi chinayamba kulamulira kuyambira Sitandade 2, monganso Malawi anachitira ndi lamulo la maphunziro la 2013 limene linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Mwana amene wauzidwa ndi sukulu kuti chiyankhulo chake ndi mlatho wongowolokera sadzapita m'sitolo atakula kukafuna buku la chiyankhulocho, ndipo wosindikiza amadziwa zimenezo asanaike ndalama zake.

Nawonso malo ogulitsira mabuku anasuntha. Kuyambira 2002, pamene Riverwalk ndi Game City zinatsegulidwa, malonda apamwamba a mu Gaborone anayamba kuchoka pa Main Mall kupita ku misika ikuluikulu ya kunja kwa pakati pa mzinda, yofikako bwino ndi galimoto. Kusunthaku kuli ndi tanthauzo pa kuwerenga. Pa msewu wa oyenda pansi kalaliki, mesenjala ndi mayi wochokera kumudzi kudzatenga penshoni amadutsa pakhomo pa sitolo ya mabuku popanda kukonzekera, ndipo ngozi ya Mma Ramotswe ikhoza kuwagwera. Mumsika wa magalasi ndi alonda pakhomo, buku limasanduka katundu wa anthu amene ali nalo kale kunyumba. Ku Malawi kutha kwa Malawi Book Service m'zaka za m'ma 1990 kunasiya maboma ambiri akudalira masitolo a mipingo, monga a CLAIM, ndi mashopu ogulitsa makope ndi zolembera amene amasunga mabuku a mayeso okha.

Tsono pabwera foni, imene ikuimbidwa mlandu wopha buku. Mu 2014 UNESCO inatulutsa lipoti la kafukufuku wa anthu oposa 4,000 owerenga pa foni m'maiko asanu ndi awiri, Zimbabwe ili pomwepo, ndipo inapeza kuti ambiri anayamba kuwerenga kwambiri atapeza mabuku pa foni, ndi kuti amayi ankathera nthawi yaitali pa kuwerengako kuposa abambo. Chofunika kwambiri kwa ophunzira za ziyankhulo n'chakuti foni yachita chimene osindikiza sanachite m'zaka zana: yachititsa anthu akuluakulu kulemba ndi kuwerenga chiyankhulo chawo tsiku lililonse, popanda mphunzitsi kapena m'busa pakati. Mauthenga a maliro, mikangano ya ndale, maulaliki, nthabwala ndi nkhani zopeka zotuluka chigawo ndi chigawo pa Facebook ndi WhatsApp zikuyenda m'Chichewa kuchokera ku Mangochi kufika ku Johannesburg ndi kubwerera. Nkhani zambiri mwa izo ndi za zomwe zija komiti ya mayeso inkaopa: mitala yobisa, ufiti wa m'maofesi, moyo wa matchona. Owerenga amadikira chigawo chotsatira ndipo amakalipa chikachedwa. N'kutheka kuti palibe nthawi ina m'mbiri imene Chichewa chinawerengedwa ndi anthu ambiri chotere.

Kukondwera nazo mopitirira kungakhale kulakwa kwina. Zolembazi zilibe mkonzi, ndipo zimaoneka: nkhani yoyamba bwino imatalikitsidwa mpaka kusukuluka chifukwa mlembi akuopa kutaya omutsatira, ndipo chigawo chilichonse chimathera pa chodzidzimutsa chochita kupangira dala. Kalembedwe ka mawu ndi ka aliyense payekha. Mlembi salandira kanthu, kapena amalandira zochepa kwambiri, pamene makampani a mafoni amadya pa bandulo iliyonse. Choopsa kwambiri ndi kusasungika. Ku South Africa mu 2009 nkhani ya Kontax inatulutsidwa m'Chingerezi ndi m'Chixhosa pa Mxit, pulogalamu ya pa foni imene achinyamata mamiliyoni ankaigwiritsa ntchito, ndipo inawerengedwa ndi ambiri. Pofika 2016 Mxit inali itatsekedwa. Lamulo la ku Malawi limafuna kuti kope la buku lililonse losindikizidwa liperekedwe ku nyumba yosungira zolemba za fuko ku Zomba, n'chifukwa chake wophunzira angathe kukapeza kabuku ka m'ma 1950 kamene masitolo anakaiwala. Nkhani ya pa WhatsApp imafa ndi foni ya mwini wake. Za Julius Chongo, amene nthano zake za Poceza m'Madzulo zinkakopa omvera Chinyanja pa wailesi ya Zambia, zikuphunziridwabe lero chifukwa Ernst Wendland anazitola, kuzilemba ndi kuzisanthula. Alakatuli a Chichewa amene m'zaka za m'ma 2000 anapeza khamu la omvera pa wailesi ndi pa ma CD, ndi alembi a pa foni a lero, sanapezebe owasanthula okwanira, ndipo madipatimenti a ziyankhulo za mu Africa, amene akupitiriza kupereka mitu ya kafukufuku pa mabuku omwe aja a mayeso, ali ndi gawo lawo pa kusowaku.

Buku la pepala silikufa ku Gaborone. Chikondwerero cha mabuku cha Gaborone Book Festival chinayamba mu 2018, ndipo mbadwo watsopano wa alembi ukumveka: Gothataone Moeng ndi nkhani zake zazifupi za Call and Response za 2023, Tlotlo Tsamaase ndi Womb City la 2024, nkhani ya Botswana wa m'tsogolo mmene thupi la mkazi limalonderedwa ndi makina. Onsewa ndi mabuku a anthu akuluakulu, olembedwa mosaopa. Onse ndi a m'Chingerezi, ndipo onse anatulukira ku New York, njira yomwe ija ya Bessie Head patapita zaka makumi asanu. Chotero msika ukugawika patatu mosalingana: buku lokongola la m'Chingerezi la ochepa okhala ndi ndalama, buku la chiyankhulo cha makolo la mwana wa sukulu, ndi foni ya wina aliyense. Malo amene akhala opanda kanthu ndi a buku lokonzedwa bwino, la mtengo wofikirika, la m'Chitswana kapena m'Chichewa, lolembera munthu wamkulu amene palibe akumuyesa mayeso.

Kusowa kwa mawu sikungakhale chowiringula. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies unatuluka mu 2000. Thapelo Otlogetswe wa pa University of Botswana anatulutsa Tlhalosi ya Medi ya Setswana mu 2012. Sol Plaatje anali atamasulira kale Shakespeare m'Chitswana pofika 1930, ngakhale anavutika kupeza ndalama zosindikizira ndipo zina mwa zomasulira zake zinatayika, ndipo Benedicto Wokomaatani Malunga anaika Things Fall Apart m'Chichewa pa mutu wakuti Chipasupasu. Ngakhalenso nzeru za buku la njoka lija zilipo kale m'chiyankhulo. Mbusa wa ng'ombe wa ku Dedza amasiyanitsa mphiri, mbobo, nsato ndi nalikukuti, amadziwa imene imathawa ndi imene imadikira panjira, ndiponso nyengo imene iliyonse imatuluka. R. C. H. Sweeney analemba Snakes of Nyasaland mu 1961, ndipo Brian Morris anatola maina ndi zikhulupiriro za Amalawi zokhudza nyama n'kuzisindikiza m'mabuku monga The Power of Animals la 1998. Onsewa ali m'Chingerezi, ndipo ambiri mwa anthu amene anamuuza Morris mainawo sangathe kuwerenga zimene iye analemba. Mayi wa ku Ndirande amene angalowe m'sitolo ya mabuku ku Blantyre lero pothawa mvula, n'kuyamba kuyendetsa chala pa shelefu ya Chichewa, adzapezapo Baibulo, buku la nyimbo, galamala ndi mabuku a Fomu 3 ndi 4.